Masiku Asanu Oyamba a Tour de France Monga Tidawaonera ku Chezi

Kwathu ku Chezi njinga si choseweretsa ayi. Aliyense amene adayendako pa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima adadzionera yekha momwe anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amadalira njinga yakapalasa. Ndiyo imatuta madengu a tomato ndi kabichi kuchokera kumadimba, ndiyo imapita ndi chimanga kuchigayo, ndiyonso imathamangira ndi wodwala kuchipatala pakati pa usiku. Choncho mukauza munthu wa kwathu kuti ku Ulaya kuli amuna akuluakulu amene amalipidwa chifukwa chopalasa njinga yopanda katundu, yopanda ndi kaliyala yemwe, amayamba waseka kaye. Awerengi okondedwa, ndikufuna ndikufotokozereni za masiku asanu oyamba a mpikisano wa njinga wa Tour de France wa chaka cha 2024, komanso zimene munthu wina wodziwa njinga adandithandiza kuona mu mpikisanowo.

Poyamba ndifotokoze za mpikisano weniweniwo, poti ambiri a ife tidazolowera mpira wokha. Tour de France idayamba m'chaka cha 1903 ndipo imachitika kwa masabata atatu, kawirikawiri m'mwezi wa Julayi. Mu 2024 adanyamuka anthu 176 a m'matimu 22, timu iliyonse anthu 8. Ulendo wonse udali wa makilomita pafupifupi 3,500, wogawidwa m'zigawo 21, tsiku lililonse chigawo chake. Tsiku lililonse limakhala ndi wopambana wake, koma nthawi za masiku onse amaziphatikiza, ndipo amene nthawi yake ili yochepa kuposa onse ndiye amavala jezi yachikasu. Palinso jezi yobiriwira ya akatswiri a liwiro la pomaliza, ndi ina ya madontho ofiira ya akatswiri okwera mapiri. Lamulo lina limene ambiri salidziwa ndi lakuti aliyense ayenera kufika isanathe nthawi yoikika, imene amaiwerengera kuchokera pa nthawi ya wopambana tsikulo. Ukachedwa kupyola pamenepo amakuchotsa, ndipo m'mawa mwake anzako amanyamuka iwe uli wowonerera chabe.

Munthu amene ndidaonera naye ndi atsibweni anga, alongo awo a amayi. Iwowa sukulu adalekezera ku pulayimale, Chingerezi samva, ndipo dzina la wokwera njinga ngakhale mmodzi wa ku Ulaya sankalidziwa. Koma apalasa njinga m'zitunda za kwathu kuyambira ine ndisanabadwe. Bambo anga atamwalira, ndiwo adasenza udindo wa sukulu yanga. Ndalama zonse zimene zimandilipirira kuno ku seminale, sopo ndi makope omwe, zimachokera pa kaliyala wa njinga yawo.

Chaka chimenecho ndidali kumudzi nditatha kulemba mayeso a JCE. Pamsika pa Chezi pali malo ena pamene anthu amaonera mpira pa kanema wa setilaiti, ndipo masiku amenewo kudali mpikisano wa mpira wa Euro 2024. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nthawi ya ku France, ku Italy ndi ku Germany imafanana ndi yathu ya kuno ku Malawi. Njinga zinkatha cha m'ma 5 koloko madzulo, ndipo mpira woyamba unkayamba 6 koloko. Motero anthu obwera msanga kudzagwira malo pa benchi ankapeza njinga zili pa kanema, naziwonera mosafuna. Atsibweni ankaweruka pamsika nthawi yomweyo, ndipo umu ndi momwe tidayambira.

Chigawo choyamba chidali pa 29 Juni, kuchoka mu mzinda wa Florence kupita ku Rimini, makilomita 206. Mtunda umenewu uli ngati kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima ndi kubwereranso. Aka kadali koyamba kuti mpikisano wa Afalansawu uyambire m'dziko la Italy. Ife ku Chezi tidali titavala majuzi chifukwa cha chisanu ndi mphepo ya mwera, pamene kumeneko dzuwa lidali likuswa mtengo, kutentha kutapyola madigiri 30, njira yake zitunda zokhazokha.

Kutatsala makilomita pafupifupi 50, Mfalansa wina, Romain Bardet, adachoka m'chigulu nayamba kuthamangira kagulu kamene kadali kutsogolo. Bardet adali ndi zaka 33. Adakhalapo wachiwiri mu 2016 ndi wachitatu mu 2017, koma jezi yachikasu adali asanaivalepo, ndipo adali atanena kale kuti Tour imeneyi ndi yake yomaliza. M'kagulu ka kutsogolo kaja mudali mnyamata wa timu yake, Frank van den Broek wa ku Netherlands, wa zaka 23, amene ankachita nawo mpikisanowu koyamba. Mnyamatayu adachepetsa liwiro dala, nadikira mkulu wake, ndipo awiriwa adayamba kupalasa motsogozana mpaka onse a m'kagulu kaja adatsala.

Anthu ambiri m'chipindamo sadamvetse chifukwa chimene munthu angadikirire mnzake pa mpikisano. Atsibweni adandikodola nati, "Taona mphwanga, wamng'onoyo akumutchingira mphepo mnzakeyo. Wakumbuyoyo akupuma."

Ndidawafunsa kuti, "Mwadziwa bwanji, atsibweni, poti akulankhula Chingerezi?"

Iwo adati, "Nanga mwera umalankhula Chingerezi? Tikamapita chakum'mawa mwezi uno sitiyenda chammbali ayi, timandandalika. Watsogolo akatopa amabwerera kumbuyo, wina n'kulowa."

Zimenezi ndi zoona ndithu. Pa liwiro la mpikisano, mphamvu zambiri za wopalasa zimathera polimbana ndi mphepo, ndipo amene wabisala kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Ndi chifukwa chake chigulu cha anthu ambiri osinthana chimathamanga kuposa anthu awiri. Tsiku limenelo chigulu chidawathamangitsa awiri aja mpaka mu mzinda wa Rimini. Mpata unkachepera tikuona, ndipo ngakhale odikira mpira aja adaimirira. Awiriwa adafika masekondi 5 okha chigulu chisanawapeze. Pa mzere womaliza Van den Broek adalola kuti Bardet adutse, ndipo Bardet, m'malo modziguguda pachifuwa, adaloza mnyamata uja ndi manja kuti dziko lonse lione amene wagwira ntchito. Atsibweni adangoti, "Ameneyo ngwoleredwa bwino." Patangopita mphindi zochepa mpira udayamba, ndipo Italy idagonja kwa Switzerland ndi zigoli 2 kwa 0.

Koma nkhani imene tidakambirana panjira yobwerera kunyumba idali ya kumbuyo kwenikweni kwa mpikisano. Kanema adali ataonetsa kangapo Mark Cavendish wa ku Isle of Man, wa zaka 39, katswiri wa liwiro la pamalo athyathyathya koma wosatha mapiri. Adatsalira pa chitunda choyamba chomwe, ndipo adasanza ali panjinga chifukwa cha kutentha. Anyamata m'chipinda muja adaseka nati, "Madala awa akapume, akufuna kufera chiyani?" Atsibweni sadaseke nawo. Iwo ankawerenga anyamata a timu yake amene adasiya chigulu n'kubwerera kudzamuperekeza, ena akumuthira madzi pamutu, ena akumutchingira mphepo. Cavendish adafika patapita mphindi pafupifupi 39 Bardet atafika kale, komabe nthawi yoikika ija isanathe. Mmodzi mwa omuperekezawo, Michele Gazzoli, adalephera kumaliza, ndipo Tour yake idathera tsiku loyamba lomwelo.

Usiku umenewo atsibweni adandifotokozera zimene amachita akakhala ndi katundu wolemera pa chitunda chachikulu. Munthu mmodzi sangathe kukankha njinga ya matumba awiri mpaka pamwamba. Ndiye wina amatsamiritsa yake pamtengo, n'kuthandiza mnzake kukankha kuchokera kumbuyo. Akafika pamwamba amatsikanso onse awiri kudzatenga inayo. Chitunda chimodzi amachikwera kawiri, koma katundu yense amafika pamsika. Adatinso amene amakana kubwerera kudzathandiza mnzake amafika msanga tsiku limenelo, koma tsiku lomwe tcheni chake chidzaduke amadzaona anzake akungomudutsa. Akuluakulu adati kuyenda awiri si mantha.

Anthu a ku France ali ndi dzina la okwera njinga otere. Amawatcha domestique, kutanthauza wantchito wa pakhomo. Ntchito yawo ndi kukatenga mabotolo a madzi ku galimoto ya timu, kutchingira mtsogoleri wawo mphepo, ndi kumupatsa tayala kapena njinga yawo yomwe ngati yake yawonongeka. Ambiri mwa anthu 176 aja amanyamuka akudziwa kale kuti sadzapambana chigawo chilichonse. Masiku oyamba a mpikisano ndi amene ntchito yawo imaonekera bwino, chifukwa wopambana weniweni amakhala asanadziwike, onse akadali ndi mphamvu, ndipo misewu imakhala yothinana ndi yodzaza ngozi. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mtsogoleri amene wasiyidwa yekha sabata yoyamba sapezanso anzake sabata yachitatu.

Mzinda wa Florence, kumene adanyamukira, uli ndi mbiri ya munthu amene adanyamula zoposa mabotolo a madzi. Gino Bartali, amene adabadwira ku Ponte a Ema kufupi ndi mzindawu, adapambana Tour de France mu 1938 ndi mu 1948. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankayenda maulendo ataliatali ngati akuchita zokonzekera mpikisano, chonsecho atabisa m'zitsulo za njinga yake zikalata zothandiza Ayuda kuthawa imfa, mogwirizana ndi Kadinala Elia Dalla Costa wa ku Florence. Ali moyo sankakonda kukamba za ntchito imeneyi. Adamwalira m'chaka cha 2000, ndipo mu 2013 bungwe la Yad Vashem la ku Jerusalem lidamulemekeza chifukwa cha zimenezi.

Chigawo chachiwiri, chochoka ku Cesenatico kupita ku Bologna, chidakwera kawiri phiri limene pamwamba pake pali tchalitchi cha Amayi Maria cha San Luca. Wopambana adali Mfalansa winanso, Kévin Vauquelin, koma jezi yachikasu idachoka kwa Bardet n'kupita kwa Tadej Pogačar wa ku Slovenia. Pogačar atathamanga pa chitunda chija, amene adakwanitsa kumutsatira adali Jonas Vingegaard wa ku Denmark yekha, munthu amene mu Epulo chaka chomwecho adagwa ku Spain n'kuthyoka nthiti ndi fupa la paphewa. Bardet adavala jezi yake tsiku limodzi lokha, ndipo palibe amene angamulande tsiku limenelo.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi la 1 Julayi. Chigawo chachitatu, chochoka ku Piacenza kupita ku Turin, mzinda wa Don Bosco, chidali chotalika kuposa zonse, makilomita oposa 230. Chipinda chidadzaza msanga chifukwa France inkasewera ndi Belgium. Njira idali yathyathyathya ndipo kwa maola ambiri padalibe chochitika. Kutatsala makilomita ochepa ena adagwa, chigulu chidagawikana, ndipo pa chipwirikiti chimenecho tidangoona munthu wakuda akudutsa chakumphepete, pafupi ndi zitsulo zotchingira anthu, nafika woyamba patsogolo pa Fernando Gaviria ndi Arnaud De Lie. Adali Biniam Girmay wa ku Eritrea, wa zaka 24, munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupambana chigawo cha Tour de France chiyambire mu 1903. Anthu amene dzulo lake ankafunsa kuti mpira uyamba liti adakuwa mpaka amayi ogulitsa panja adabwera kudzasuzumira. Girmay adalira misozi polankhula ndi atolankhani, ndipo adayamba ndi kuthokoza Mulungu.

Chimene chidawasangalatsa kwambiri atsibweni nditawamasulira ndi chakuti tsiku limenelo Girmay adanyamuka ngati wothandiza. Timu yake ya Intermarché-Wanty idali ndi wothamanga wina, Gerben Thijssen, amene Girmay ankayenera kumutsegulira njira. Atasowana chakumapeto, Girmay adapitirira yekha. Tsiku lomwelo Richard Carapaz adakhala munthu woyamba wa ku Ecuador kuvala jezi yachikasu.

Phokoso litachepa, mnyamata wina wa kabaza adafunsa mokweza kuti, "Nanga ife a ku Malawi tikulephera pati? Njinga zawozo n'zopepuka ngati nkhuku!" Sadaname, chifukwa malamulo amalola njinga yolemera makilogalamu 6.8 okha, pamene thumba limodzi la chimanga limalemera makilogalamu 50. Atsibweni adamuyankha kuti, "Miyendo tili nayo, achimwene. Koma ndani angakutchingireni mphepo kuchoka pa Chezi pano mpaka kukafika kumeneko?"

Funso limeneli ndidaligonera, ndipo nditawerenga mbiri ya Girmay ndidapeza kuti nayenso sadafike yekha. Masewero a njinga adafika ku Eritrea ndi atsamunda a ku Italy, ndipo eni dziko adawatenga kukhala awoawo, mwakuti mu mzinda wa Asmara, umene uli pamtunda wa mamita oposa 2,300, ana amakula akuonera mipikisano m'misewu yawo. Mu 2015 anthu awiri a ku Eritrea, Daniel Teklehaimanot ndi Merhawi Kudus, adachita nawo Tour de France ndi timu ya ku South Africa ya MTN-Qhubeka, ndipo Teklehaimanot adavala jezi ya madontho ofiira kwa masiku angapo. Nthawi imeneyo n'kuti Girmay ali ndi zaka 15. Mu 2018 adatengedwa kukaphunzira ku likulu la bungwe loyendetsa masewero a njinga padziko lonse, mu mzinda wa Aigle ku Switzerland. Mu 2022 adapambana mpikisano wa Gent-Wevelgem ku Belgium komanso chigawo chimodzi cha Giro d'Italia. Mphindi imodzi ija tidaiona ku Turin idali ndi anthu ambiri kumbuyo kwake: makolo, aphunzitsi, okonza mipikisano, ndi achikulire amene adatsogola. Njira imeneyi ikukulirakulira, chifukwa mu Seputembala 2025 mpikisano wa dziko lonse wa njinga za pamsewu udachitikira ku Kigali m'dziko la Rwanda, koyamba pa nthaka ya Africa.

Chigawo chachinayi chidawoloka malire kulowa m'dziko la France, kenako chidakwera phiri la Galibier, pamtunda wa mamita 2,642, kuposa nsonga ya phiri la Dedza. M'mbali mwa msewu mudali chipale chofewa ngakhale kudali chilimwe cha kumeneko. Anyamata a timu ya Pogačar adatsogola mmodzimmodzi, aliyense kupalasa mpaka mphamvu zitatha kenako n'kupatuka, ndipo chigulu chidasungunuka mpaka kutsala anthu owerengeka. Omaliza kumukoka adali João Almeida ndi Juan Ayuso. Pogačar adadzatulukira kutatsala mtunda wosakwana kilomita imodzi kuti afike pansonga, natsetsereka yekha mpaka ku Valloire, kumene adapambana ndi masekondi 35. Atsibweni ankawerenga opatukawo ndi zala, ndipo pa mtsetse uja adagwira mutu, nati munthu amene sadamvepo buleki ikukana ndi katundu kumbuyo sangadziwe chimene anyamatawo akuseweretsa.

Pa 3 Julayi kudalibe mpira, choncho m'chipinda muja tidalimo anthu ochepa kwambiri. Chigawo chachisanu chidathera ku Saint-Vulbas, ndipo amene adafika woyamba adali madala aja ankasekedwa tsiku loyamba. Uku kudali kupambana kwa nambala 35 kwa Mark Cavendish mu Tour de France, kuposa 34 kwa Eddy Merckx wa ku Belgium, mbiri imene idakhala chiyambire 1975. Cavendish adayamba kupambana zigawo mu 2008, adafanana ndi Merckx mu 2021, ndipo mu 2023 adagwa n'kuthyoka fupa la paphewa asanakwaniritse cholinga chake. Atatsika panjinga adakumbatira anzake a timu mmodzimmodzi. M'mabuku mudalembedwa dzina la Cavendish lokha. Komatu anyamata aja akadapanda kubwerera kudzamutenga pa zitunda za ku Italy, pa tsiku lachisanuli iye akadakhala ali kwawo. Madzulo omwewo Girmay adavala jezi yobiriwira.

Masiku otsatira atsibweni sadathenso kubwera, chifukwa tomato adapsa kudimba ndipo ankafika pakhomo kutada. Ine ndinkawafotokozera tikudya nsima. Girmay adapambananso zigawo zina ziwiri nasunga jezi yobiriwira mpaka kumapeto. Pogačar sadavulenso yachikasu kuchokera pa Galibier mpaka pa 21 Julayi mu mzinda wa Nice, kumene mpikisano udathera chaka chimenecho chifukwa Paris inkakonzekera masewero a Olimpiki. Vingegaard adakhala wachiwiri ndipo Remco Evenepoel wa ku Belgium wachitatu. Koma atsibweni sankafunsa za amenewa. Funso lawo tsiku lililonse lidali lakuti, "Nanga madala aja akadalimo?" Ndipo adalimodi mpaka ku Nice.

Zotsatira za mayeso zikatuluka, pa pepala pamalembedwa dzina limodzi, monga momwe zimakhalira pa mpikisano wa njinga. Langa lidalembedwa chaka chimenecho, ndipo la munthu amene amakwera chitunda chimodzi kawiri kuti ine ndikhale m'kalasi silidalembedwe paliponse. Ndikhulupirira kuti aliyense wa ife anyamata ali ndi wake wotere, kaya ndi mayi ogulitsa mandasi, kaya ndi agogo olima fodya, kaya ndi akhristu a ku mphakati amene amasonkha pang'onopang'ono. Bardet adali ndi masekondi ochepa chabe pa mzere womaliza, ndipo adawagwiritsa ntchito poloza mnzake.

Tsono Julayi akadzafika, mukadzapeza mwayi woonera mpikisanowu, musadzadikire sabata yomaliza pamene zonse zadziwika kale. Mudzayambe ndi masiku oyamba. Kanema akadzaonetsa munthu wotsalira kumbuyo, mudzawerenge anzake amene abwerera kudzamutenga, ndipo ngati pafupi nanu pali munthu wa kabaza kapena wonyamula madengu, mudzamusunthire malo pa benchi kuti akufotokozereni zimene zikuchitika.